Michira ya Chijeremani ndi Kalata ya Emma

Lolemba, 3 Juni 1991

Chiperoni tsiku lachitatu. Phiri silikuoneka, zochapa sizikuuma, ana anga a Sitandade 6 angokhala akunjenjemera osamva kanthu.

Nditaweruka ndapeza Yakobo ali pakhonde, wadzikulunga m'jekete lake la ku Jeremani. Mlongo wangayu anabwerako ndi zinthu zitatu kumeneko: jekete, buku ndi chifuwa. Zaka zinayi akumanga njinga zamoto m'fakitale, kenako boma limene linawalemba ntchito litatha anawakweza ndege kubwerera ku Mozambiki. Kwathu ku Milanje anapeza mabwinja okhaokha a nkhondo, ndiye anawoloka pa Muloza kudzatipeza ine ndi Amayi kuno kusukulu. Kuchipatala amutulutsa sabata yatha ndi mapilitsi m'kapepala. Sindine mwana, ndikudziwa tanthauzo lake akamutulutsa munthu ali chonchija.

Lero wanena zimene zakhala zikumudya. Akufuna kulembera mwana wake kalata. Emma, wa zaka ziwiri, ali ndi amayi ake, Petra, m'tauni ina yotchedwa Suhl. Petra analemba kamodzi mu Febuluwale, Yakobo sanayankhe. Akuti manyazi, akanalemba chiyani, kuti akudya za mlongo wake? Pano dzanja layamba kunjenjemera.

"Mana Janeti, mundilembere ndinu." Mana, kutanthauza achemwali, ndi mmene amandiitanira.

Ndaseka. Chijeremani ine?

"Ine ndiziyankhula, inu muzikonza ndi bukuli. Changachi n'cha m'fakitale, chilibe michira. Amake a Petra ankachita kundiseka patebulo. Mwanayo akadzakula adzaiwerenga, asadzati bambo ake anali mbuli."

Ndavomera. Ndikanakana bwanji?

Lachiwiri, 4 Juni

Buku lija lafotokozedwa m'Chipwitikizi, chimene ine ndinachisiya ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene azakhali ananditenga kudzayamba sukulu mbali ino. Koma pa tsamba 84 pali matebulo, ndipo tebulo silifuna womasulira.

Michira ija ndaiona. Mizere inayi:

der gute Mann
den guten Mann
dem guten Mann
des guten Mannes

Bambo wabwino mmodzi yemweyo, koma akangosuntha malo m'chiganizo wasintha malaya. Ndaipatsa maina anga mizereyi: Wochita, Wochitidwa, Wopatsidwa, Mwini. Ife timasintha kumutu, mwana wamng'ono, ana aang'ono, chingwe chaching'ono. Iwo amasintha kumchira, ndipo mchira wa mfotokozi umayang'ana mbali zitatu nthawi imodzi: dzina lili pa mzere uti, ndi lalimuna kapena lalikazi kapena lopanda mbali, ndiponso kutsogoloko kwaima kamawu kanji. Ukachotsa der n'kuika ein, gute uja wasanduka guter. Anthu amenewa anasowa chochita.

Y. akuti mtsikana kwa iwo si wamkazi, ndi das, chimodzimodzi buku. Ndati n'chifukwa chake dziko lawo linagawanika. Waseka mpaka chifuwa chamugwira, Amayi abwera ndi madzi akundiyang'ana ndi diso loipa.

Lachinayi, 6 Juni

Tayamba. Meine liebe kleine Tochter. Mwana wanga wamkazi wokondedwa wamng'ono. Mzere umodzi, mphindi makumi awiri.

Iye amayankhula msangamsanga maso ali kudenga, ine ndimalemba ndi pensulo mmene ndamvera, kenako ndimamufunsa liwu lililonse: uyu akuchita kapena akupatsidwa? Amakwiya. "Mana, ku Jeremani palibe amene amafunsa zimenezo, amangoyankhula!" Ndati ndiye ukalembe wekha. Zaka khumi ndi zitatu ndikugwira cholembera chofiira, sindingasiye cholakwa chikundiyang'ana.

Ndagwira kale chimodzi. Akamuganizira mwanayo, ndi meine kleine Tochter. Akamulembera, ndi meiner kleinen Tochter, chifukwa tsopano mwanayo akupatsidwa. Nditamuonetsa watseka maso n'kubwereza kawiri, kenako akuti, "Eya. Petra ankatero." Khutu lake limadziwa, koma pakamwa pamameza michira yonse.

Kalata ya Petra amaisunga pansi pa pilo, mu envulopu yake. Ndati bweretsa ndikopere adilesi. Wakana. Akuti adilesi adzalemba yekha ngakhale dzanja linjenjemere, Petra akangoona envulopu adziwe kuti ndi iye. Ndati palibe vuto, envulopu ndi yomalizira.

Loweruka, 8 Juni

Kwabwera amalume a Pilato kuchokera ku esiteti, ndi nanazi ziwiri pa njinga. Apeza buku ndi mapepala zili mbwee pamphasa. Alitembenuza bukulo, aona chidindo cha nyundo kuchikutiro, alibweza pansi ngati lawaotcha.

Andiitanira kuseri kwa khitchini.

"Janeti, iwe ndi wantchito wa boma. Mabuku a makomyunisiti m'nyumba ya sukulu? Makalata a chiyankhulo chosadziwika? Ukufuna atinyamule tonse?"

Ndati dziko limenelo linatha chaka chatha, kulibenso. Akuti kaya linatha kaya silinathe, amene amabwera ndi galimoto safunsa zimenezo. Kenako atsitsa mawu: "Komanso mwanayo si wathu. Mwana ndi wa kuchikazi, ukudziwa. Ali ndi amalume ake komweko. Ife mbumba yathu ndi iwe."

Mwa mwambo sakunama. Koma Y. anamva zonse, khoma la khitchini ndi la bango. Amalume atachoka iye sanadye, ndipo sanafune kulemba lero. Anangoti, "Amalume ake komweko kulibe. Petra ndi mmodzi yekha m'mimba mwa amake."

Lamulungu, 9 Juni

Magazi pa kansalu. Wabisa, ndaona.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndaloweza tebulo loyamba ndi lachiwiri. Ndimanena poyenda, ndimanena potunga madzi. Pa nthawi ya masamu ndapezeka ndalemba dem pabolodi m'malo mwa deti, ana aseka osadziwa chimene akuseka.

Ndazindikira kanthu kondipepukitsa: pa Wopatsidwa ndi pa Mwini, ngati kutsogolo kuli kamawu kaja, mfotokozi amangothera -en basi, kaya mwamuna kaya mkazi. Theka la ntchito latha. Ndathamanga kukamuuza Y. ngati ndatola ndalama. Ndamupeza ali mtulo, kukamwa kuli yasa, makutu akuoneka aakulu chifukwa nkhope yatha. Ndaima pakhomo nthawi yaitali. Mwana amene ndinkamubereka kumbuyo popita kudambo.

Mayi Phiri a Sitandade 2 akuti pakati pa azungu amene amabwera Lachiwiri lililonse kudzayeza ana a othawa nkhondo pali mayi wa ku Jeremani. Lero ndawaphonya. Sabata yamawa ndidzawadikira pamsewu kuti aione kalatayi.

Lachitatu, 12 Juni

Lero anali ndi mphamvu, talemba ndime ziwiri. Wamuuza Emma za tsiku limene anabadwa, kuti kunja kunali chipale chofewa mpaka m'mawondo, kuti iye anathamanga kuchokera ku fakitale osavula ovolosi. Wamuuza kuti sanathawe, anachita kukwezedwa ndege. Mawu amenewo anandiuza kuti ndiwalembe kawiri. Ndati kubwereza n'kulakwitsa. Akuti lembani kawiri, mana. Ndalemba.

Takangana pa phiri. Akufuna kunena kuti amakhala m'munsi mwa phiri lalitali, ndiye phirilo lili pa mzere wa Mwini. Iye akuti eines hohen Berges. Ine ndikuti m'ndandanda wa mawu kumapeto kwa buku "kutalika" ndi hoch, nanga c wapita kuti? Akuti sakudziwa kumene wapita koma kulibe. Ndalemba zake, ndaika kadontho ka pensulo pambali.

Amayi, amene sanatsegulepo pakamwa pa nkhani imeneyi, anali pakhomo akusankha nandolo. Mwadzidzidzi afunsa m'Chilomwe ngati pepalalo lili ndi malo. Ndati alipo. Akuti, "Umuuze kuti ali ndi agogo ake, ndipo mano onse alipo." Y. waseka ndi misozi. Eine alte Frau mit starken Zähnen, mayi wokalamba wa mano olimba. Ndayang'ana patebulo lachitatu, michira yonse ili m'malo.

Lachinayi, 13 Juni

Potsekera ndinalemba dein kranker Vater, bambo ako odwala. Wakana kwamtuwagalu. Ndati Petra ayenera kudziwa zoona. Akuti kalatayi si ya Petra, ndi ya mwana, ndipo mwana asadzakule akuona bambo ake ali gone pamphasa. Ndati ndiye tilembe bodza?

Kenako akuti, "Lembani müder. Otopa. Si bodza limenelo."

Dein müder Vater. Ndatuluka kukaima kuseri kwa nyumba kuti asandione.

Lachisanu, 14 Juni

Yatha. Ndaikopera ndi inki pa mapepala awiri oyera, popanda chofufuta ngakhale chimodzi. Ndamuwerengera mokweza, iye akukonza katchulidwe kanga. Akuti ndimayankhula ngati wailesi yotha mabatire.

Ndiye wati ndimupatse envulopu ndi cholembera, asaine, alembe adilesi, mawa m'mawa ipite ku positi.

Ndakana. Ndati pali timadontho tisanu ta pensulo pa kope loyamba, malo asanu amene sindikutsimikiza. Lachiwiri mayi wa ku Jeremani uja aione, ngati pali cholakwa ndikoperenso, usaine kamodzi pa yabwino.

"Mana, tumizani. Ili bwino."

"Unati chiyani iwe? Si unati usadzaoneke mbuli? Masiku anayi okha."

Wandiyang'ana, kenako wayang'ana kukhoma. "Chabwino, aphunzitsi."

Ndaiika m'kaundula wa kalasi, ndakaitsekera m'kabati ya kusukulu kuti chinyezi cha m'nyumba muno chisaifewetse, komanso kuti Lachiwiri ndidzangoitenga n'kuthamangira kumsewu.

Loweruka, 15 Juni

Dzuwa latuluka. Tamutulutsa panja, waona phiri lonse mpaka pamwamba. Wadya nthochi theka.

Lamulungu, 16 Juni

Yakobo wapita. Cha m'ma 2 koloko masana, ine ndikuchokera kutchalitchi, Amayi atamugwira mutu. Akuti sananene kanthu.

Lachitatu, 19 Juni

Tinaika dzulo. Ndilembe mwadongosolo, mwina mutu ukhala pansi.

Lolemba m'mawa ndinapita ku Limbuli kukagula nsalu yoyera ndi kukaonana ndi akalipentala. Pobwera cha m'ma 11 ndinaona utsi kuseri kwa chimbudzi. Ndinkayesa azimayi akuotcha mphasa ndi zofunda za wodwala, monga amachitira. Zinalidi zimenezo. Koma amene anaima pamotopo ndi ndodo anali amalume.

Buku. Makope anga a pensulo. Khadi lake la ku fakitale, setifiketi yake, zithunzi zonse. Ndi envulopu ya pansi pa pilo.

Sindikumbuka zonse zimene ndinanena. Ndikudziwa kuti ndinawatchula dzina lawo lenileni pamaso pa anthu, ine, mwana wa mlongo wawo. Ndinalowetsa dzanja m'phulusa, Mayi Phiri anachita kundikoka. Chala chapakati chatupa mpaka pano.

Amalume sanakweze mawu. Anati uthenga unabwera kuti a tcheyamani a chipani adzayankhula pamaliro, ndipo anyamata awo adzathandiza kutulutsa katundu m'nyumba kuti anthu apeze pokhala. "Ukanafuna apeze chidindo chija pansi pa pilo? Janeti, mnzanga Hudson anapita chifukwa cha kapepala kamodzi m'thumba la malaya. Chaka cha 1973. Ana ake ndawalera ndine. Mwa ana a mlongo wanga, mmodzi ndamutaya kale dzulo, sindikufuna kutaya wachiwiri." Ankalira, ndodo ili m'manja. Sindinawaonepo akulira.

A tcheyamani anabweradi. Anayankhula mphindi zisanu za makhadi a chipani, anapepesa, anapita. M'nyumba sanalowemo, anyamata awonso sanalowemo.

Galimoto ya azungu ija inadutsa tili kumanda.

Lachinayi, 20 Juni

Ndasefa phulusa ndi sefa ya ufa. Ndapeza timawaya tiwiri ta pa buku ndi kangodya ka sitampa.

Ndikufuna kuwada amalume koma chidani sichikukhazikika pa iwo, chikungobwerera kwa ine. Lachisanu anapempha cholembera. Chinali m'thumba langa, envulopu inali pa shelefu. Adilesi ikanalembedwa, kalata ikanakhala ili m'ndege amalume asanagwire machesi. Ndinamukaniza chifukwa cha timadontho tisanu. Ndimamva mawu ake aja, chabwino aphunzitsi, ndikamatsuka mbale, ndikamapesa tsitsi, paliponse.

Lachisanu, 21 Juni

Envulopu ija ndinaiona kawiri kokha, ili m'manja mwake. Ndakhala ndikutseka maso kuti ndiione. Dzina la bambo ake a Petra limayamba ndi L, kapena ndi B wolembedwa mopendama. Msewu unali ndi dzina lalitali lothera -straße, koma Y. anandiuza kuti misewu yonse imathera choncho. Nambala 14 kapena 41. Pa zonse, chimene ndili nacho chenicheni ndi Suhl, chifukwa ankaitchula tsiku lililonse.

Ndafunsa Amayi ngati anawatchulirapo dzinalo. Akuti ankangoti Petra. Andifunsa ngati za mano zija zinapsanso. Ndati ayi, zili kusukulu. Agwedeza mutu, apitiriza kupeta.

Loweruka, 22 Juni

Ndayenda mumsasa wa othawa nkhondo kufunsa ngati alipo wina amene anagwirako ntchito ku Jeremani. Andilozera bambo wina wokonza mawotchi, a McDonald. Anali ku tauni ina, kutali ndi Suhl, Yakobo sanamudziwe. Akuti ku Suhl kuli anthu ochuluka kuposa ku Zomba, ndipo a Petra kumeneko ali ngati a Mary kuno. Anandipatsa mpando, ndinakhala pang'ono. Anandifunsa ngati ndikufuna andiwerengere kalatayo. Ndati ayi.

Pobwera ndakumana ndi ahedi. Pocheza ndatchula za mayi wa Lachiwiri uja. Akuti, "Uja? Si wa ku Jeremani, ndi wa ku Kanada. Anakuuzani ndani?"

Ndangoti zikomo, ndapita.

Lamulungu, 23 Juni

Amalume abwera, akhala pakhonde ndi Amayi. Ndawapatsa madzi ndi manja awiri, alandira. Pochoka andiuza motsitsa kuti amva kuti kalata ina inatsala. Akuti sangandiletse, ndine wamkulu. Koma ngati ndikutumiza, ndisalembe dzina langa kapena la sukulu paliponse. Ipite yokha ngati yochokera kwa munthu wakufa.

Ndikapanda kulemba dzina, ikasochera sindidzadziwa. Ikafika, Petra sadzadziwa ngati kuno kwatsala munthu womuyankha.

Lolemba, 24 Juni

Ndabwerera kuntchito. Ndatsegula kabati, kaundula, mapepala awiri ali bwinobwino ngati palibe chachitika. Ndawerenga kuyambira pamwamba. Malo asanu aja ndikuwadziwa pamtima, ndawadutsa osakhudza. Pansi pa dein müder Vater pali mpata umene ndinamusiyira. Ndaganiza zolembapo dzina lake motsanzira dzanja lake, ndimalidziwa bwino, ndine ndinamuphunzitsa Y wamkulu pamchenga. Ndausiya choncho.

Pa kapepala kena ndalemba ndekha, opanda buku, opanda womufunsa: Yakobo ist tot. 16. Juni. Ich bin die Schwester. Yakobo wamwalira, ine ndine mlongo wake. Ndinayesa kuonjezapo kuti anali munthu wabwino, koma dzanja linakana.

Lachiwiri, 25 Juni

Ndapempha ahedi maola awiri, ndayenda wapansi mpaka ku positi ya pa Muloza. Envulopu ndalembera pa kauntala pomwepo. An Petra, die Mutter der kleinen Emma. Kwa Petra, amayi a Emma wamng'ono. Pansi pake, Suhl, Germany. Kumbuyo ndalemba dzina langa lonse, dzina la sukulu ndi nambala ya bokosi, ndi zilembo zazikulu.

Kalaliki ndi bambo wa ana awiri amene ndinawaphunzitsa. Waitembenuza uku ndi uku.

"Aphunzitsi, nambala ya nyumba?"

"Palibe."

"Nanga dzina la bambo?"

"Ndi zomwezo basi."

"Aaa, iyitu ibwerera."

"Ikabwerera mudzandipatse."

Wayang'ana kumbuyo kwa envulopu, wayang'ana pakhomo, kenako watsamira pa kauntala. "Makalata akunjawa amadutsa m'manja ambiri asanakwere ndege. Dzina lanuli lili poyera kwambiri. Ndikupatseni envulopu ina?"

"Dindani."

Wandiyang'ana pang'ono. Wanyambita sitampa, wamata, wadinda kawiri, waiponya m'thumba la makalata a ku Limbe. Ndaima pomwepo mpaka wamanga chingwe kukamwa kwa thumbalo.